Chitedze m'juzi ya Waisoni

Ndikukumbukira chiperoni cha ku Thyolo ndili m'nyumba ya mwana wanga kuno ku Al Warqa, kunja dzuwa likuswa mtengo, m'kati makina akuuzira mphepo ngati mwezi wa Juni. Ndinabwera ku Dubai kudzachotsa ng'ala m'maso. Adokotala atandiletsa kuwerenga, mdzukulu wanga Tadala anaganiza zondisangalatsa pondiwerengera buku lake la mayeso, lolembedwa ku Mangalande kalekale. Kusangalatsa kwake! Masabata atatu ndakhala ndikumvera za mwana wosauka amene anakonda mtsikana wa m'nyumba imene anakuliramo. Atamunyoza anachoka, kenako anabwera atalemera kudzazunza banja lonse. Anthu a m'bukumo amangokuwa m'mapiri ndi kuona mizukwa. Palibe ndi mmodzi yemwe woganiza zoitana ankhoswe.

Koma chimene chinandipsetsa mtima n'chakuti wobwezera wa m'bukumo saphonya. Amene wamuloza amagwadi. Wolembayo sanabwezerepo munthu, ndikukuuzani anzanga. Ine ndinabwezerapo.

Makolo anga anali othyola tiyi, ndipo tinkakhala m'komboni. Bambo atamwalira, akalaliki a pa esiteti ananditenga kuti ndiziwawetera mbuzi. Nyumba yawo inali ya njerwa zootcha ndi malata. Ine ndinkagona m'khitchini, kotero kuti ndinkanunkha utsi mbali ino, mbuzi mbali inayo. Anali ndi ana awiri, Waisoni ndi mchemwali wake Enelesi. Waisoni anali ndi juzi yofiirira yogula ku Limbe, yokhayo pasukulu ponse. Ankaivala ngakhale mu Okutobala, thukuta lili kamukamu.

Enelesi ndiye anachonderera bambo ake kuti nanenso ndizipita kusukulu. Ndinayamba Sitandade 1 ndili ndi zaka khumi ndi zinayi, mawu atayamba kale kubesa, moti tsiku loyamba tiana tina tinaimirira kundipatsa moni poyesa kuti ndine mphunzitsi. Masana, mbuzi zikubzikula mumthunzi, Enelesi ankandiphunzitsa kuseri kwa khola. Manja ake ankanunkhira sopo. Dzina loyamba limene ndinalemba bwino pasileti silinali langa ayi, linali lake, ndipo sindinafune kulifufuta.

Waisoni anaipeza siletiyo. Anapita nayo kusukulu n'kuikweza m'mwamba pa nthawi yopuma kuti aliyense awerenge. Bwalo lonse linafa nalo phwete. Atsikana anamuzungulira Enelesi n'kumati, "Alamu athu ndi amenewa eti? Ukwati wake tidzadya mbuzi zingati?" Iye anazolika, kenako anati, "Ameneyu ndi wotiwetera mbuzi basi."

Mawuwo anali a Enelesi, koma mlandu ndinaupereka kwa Waisoni. Kumtsinje, kumalire a esiteti, kunali chitedze chouma bwino. Ndinachithyola ndi tsamba la nthochi, n'kupalira ubweya wake ndi kamtengo m'khosi ndi m'manja mwa juzi ija, ili pachingwe kuseri kwa nyumba. Ndinkafuna kumuona bwana wamng'onoyo akuvina pamzere, sukulu yonse ikuonerera. Ndinkadziwa kuti mawa lake Enelesi akulemba mayeso a Sitandade 8. Mutu wa mbusa sunalumikize zinthu ziwirizi.

Kunacha ndi chiperoni, chija chobisa ngakhale mizere ya tiyi. Mayi awo anatuluka, n'kuona Enelesi akunjenjemera, n'kunena kuti, "Waisoni, um'patse mchemwali wako juziyo. Zala zozizira sizigwira cholembera." Waisoni, amene anali asanaivale, ananyinyirika, koma anapereka. Ine ndinali chiimire pakhomo la khola, chingwe chili m'manja. Pakamwa ndinali napo. Kukanangofunika kunena kuti, "Musavale." Koma ndinaona chikoti cha akalaliki, ndinaona komboni, ndinaona sukulu yanga ikutha. Ndinatsegulira mbuzi.

Enelesi anayamba kudzikanda ali panjira, akuyesa kuti ndi ubweya wa juzi chabe. Pofika m'chipinda cha mayeso khosi linali litatupa. Anavula juziyo, koma chitedze sichivulika. Anathawira kumjigo akulira, ndipo woyang'anira mayeso wochokera kuboma anakana kumulowetsanso. Kunyumba mlandu unagwera mphepo, ati ndiyo inaulutsira chitedze pachingwe. Akalaliki anati mwana wamkazi sabwereza kalasi. Chaka chotsatira anamukwatitsa kwa woyendetsa lole wa ku Luchenza.

Nanga Waisoni? Sanadzikande ngakhale kamodzi. Ananenepa, anakalamba, anafa mwaulemu. Juzi ija anaikana, ndiye mayi ake anaiwiritsa ndi phulusa n'kundipatsa ine. Ndinathokoza ndi manja awiri. Ndinaivala zaka zitatu.

Sukulu ndinamaliza ndevu zili pepeya, ndinakhala kalaliki, ndinaphunzitsa mwana wanga amene lero amawerengera ndalama Aluya. Enelesi ndinakumana naye kamodzi pamsika wa Luchenza, akugulitsa nthochi, mwana ali kumsana. Anayang'ana tayi yanga, n'kuseka, n'kuti, "Achimwene, ndinkadziwa ine kuti mutu umenewo si wa mbuzi zokha." Anandiwonjezera nthochi ziwiri zaulere. Pamenepanso pakamwa ndinali napo. Pamaliro ake ndinaimba nawo nyimbo zonse.

N'chifukwa chake bukuli likundinyansa. Sabata yatha Tadala anandifunsa kuti, "Agogo, ndiye munthuyu ndi woipa kapena anamulakwira? Pamayeso abweretsa limeneli." Ndinamuyankha kuti zonse ziwiri, ndiponso ndi chitsiru. Anati yankho limenelo alibe nalo malikisi.

Mayesowo ndi lero. M'mawa ndinamuona akutuluka atakoleka juzi paphewa, m'dziko loti nsapato imamata pamsewu. Ati m'chipinda cha mayeso mumazizira ngati m'firiji. Sindikudziwa kuti ndinadzuka bwanji pampando. Ndinangoona kuti ndamulanda, ndaitembenuza, ndikuikutumula pakhonde, ndikuipaka m'khosi mwangamu kuti ndimve.

"Agogo, yalla, fulumirani, basi ikundisiya! Mukufunamo chiyani?"

Ndikanafunamo chiyani? Kuno kulibe chitedze, kulibe ngakhale chitsamba chomera chokha. Zinthu zinasintha. Mtsikana wa lero akalephera amabwereza, amamupezera ndi mphunzitsi wapadera, palibe womufunira woyendetsa lole. Sindikudandaula. Chondiwawa n'chakuti kusinthaku kunachedwera munthu mmodzi, ndipo amene anatseka pakamwa tsiku lija ndiye akudyerera.

Ndinam'bwezera juzi yake n'kumuuza kuti akabwerako alisiye bukulo m'chikwama, chifukwa ndili ndi nkhani ina yopanda mizukwa, ya munthu amene iye amam'dziwa. Anangoti, "Khalas, Agogo," mawu a kuno onena kuti zakwana, n'kuthamanga. Ndalemba izi ndi diso limodzi limene lapola kuti akafika ndisatsegulirenso mbuzi. Basi yake imaima pageti nthawi ya 3 koloko. M'khosimu mwayamba kale kuyabwa.