Kontorolo Ziwiri

Nkhondo itatiwotchera nkhokwe kachiwiri kwathu ku Majaua, ndinauza mkazi wanga Anastazia kuti ndikuwoloka mtsinje wa Ruo kukasaka ganyu. Iye anatsala ndi mayi ake, omwe sankatha kuyenda. Ndinanyamuka ndi kathumba ka makaka, chinangwa chouma chija, ndi mimba yomwe inkandipota kale.

Ndinapeza ntchito yothyola tiyi ku Mulanje. Malipiro ake ankathera mchere ndi sopo, zomwe ndinkatumiza kwathu ndi amalonda a njinga. Chaulere chinali kusungulumwa kokha. Tsiku lina ndinagwa m'munda wa tiyi, n'kudzatsitsimukira m'chipatala ku Blantyre atanding'amba kale. Adokotala anati andichotsa chotupa cha mitsempha ya magazi, chosowa kwambiri, koma chimaphukiranso ngati chitsa cha bulugamu.

"Ikatha miyezi isanu ndi umodzi muzibwera tidzakuunikeni, ngakhale musakumva kupweteka," anatero. "Tikachipeza chikadali chaching'ono sichivuta."

Kwathu kubwerera kuchipatala kotere timati kontorolo. Ndiye ndinatuma wanjinga kuti akauze Anastazia kuti ndili moyo, koma ndizipita ku kontorolo kawiri pa chaka. Kupusa kwanga, ndinaiwala kuti masiku amenewo kontorolo inalinso chingwe cha asilikali pamsewu, pomwe ena ankaimitsidwa osaonekanso.

Chotupacho chinabweradi kamodzi, anachigwira chikadali ngati nzama. Kenako ndinanenepa, ndinayamba kujomba ku kontorolo. Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Mfuti zitaleka kulira ndinabwerera. Apongozi anali atatisiya, koma Anastazia ndinamupeza, wowonda, akupeta. Pakhonde panalendewera luzi la mfundo zambirimbiri, mfundo yachisanu ndi chimodzi iliyonse ili ndi kansalu kofiira.

"Nanga ichi, mayi?" ndinafunsa.

"Miyezi yanu ya kontorolo, bambo. Kansalu kakafika ndinkasala kudya, kuti asilikali akusiyeni mudutse."

Ndinaseka, kenako ndinalira ngati mwana. Zaka zonsezo ankandisalira chakudya chomwe analibe n'komwe. Ndinamuonetsa chipsera, ndi kumulongosolera zonse. Iye sanaseke. Anagwira kansalu komalizira.

"Aka n'ka mwezi watha. Munapita?"

Ndinayang'ana pansi.

Kutacha anabwereka njinga, n'kundiperekeza yekha mpaka kumalire, pa Muloza. Ku Blantyre adokotala sanapeze kanthu, ndipo mpaka lero luzi lija likadali pakhonde, likutalikirabe. Koma mawu amene sindiiwala ndi omwe ananena tikuwoloka mlatho:

"Kontorolo ija ankasowa ndi opita. Iyi amasowa ndi osapita. Tiyeni."