Nyenyezi zimene ndinataya ngati mpunga wofiira

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi amalume anga, aGoma, amene amasesa ndi kutchetcha udzu pasukulu ina ya sekondale ku boma la Chama. Ine ndinali nditamaliza Giredi 12, ndili kwathu ku Chifunda, kuthandiza amayi kumunda wa mpunga. Amalume anatumiza uthenga kuti ndibwere msanga, pali mphunzitsi amene akufuna munthu woleza mtima, wodziwako kompyuta. Kompyuta ndinali nditaigwirapo kusukulu, tili anayi pa imodzi. Koma amalume anauza mphunzitsiyo kuti ndine wofatsa, sinditsutsana ndi akulu, ndipo iwo ankaona kuti zimenezo zakwana.

Mphunzitsiyo anali Madamu Mulenga, ochokera ku Kabwe, ophunzitsa fizikisi. Pambali pa ntchitoyo ankachita maphunziro apamwamba a zakuthambo ndi yunivesite ina ya kunja, kudzera pa intaneti. Nthawi inkawachepera, n'chifukwa chake ankafuna wowathandiza.

Anthu akamva kuti ndinagwirapo ntchito ya nyenyezi amaganiza kuti ndinkayang'ana kumwamba. Ayi. Ndinkayamba 8 koloko m'mawa n'kuweruka 16 koloko, m'kachipinda kosungira zipangizo kuseri kwa labu, pakati pa mabotolo opanda kanthu ndi masikelo akufa. Laputopu ya Madamu inkatentha msanga, choncho ndinkaiika pa njerwa ziwiri kuti mpweya uzidutsa pansi.

Madamu ankafufuza gulu limodzi la nyenyezi. Kuthambo kuli magulu ena amene nyenyezi zake zinaunjikana pamodzi ngati mpira, zikwi mazanamazana, ndipo ndi zakalekale. Pa chithunzi, pakati pa gulu pamangoti mbuu ngati ufa wotayika, m'mbali ndi m'mene mumatha kuona nyenyezi imodziimodzi. Zithunzizo zinajambulidwa kale ndi makina aakulu oonera kutali, ndipo wofufuza aliyense akhoza kuzitenga pa intaneti.

Ntchito yanga inali yotere. Kumanzere kwa sikirini kunali mndandanda wa nyenyezi zikwi zinayi, iliyonse ndi nambala yake ndi muyeso wa kuwala kwake, woyezedwa kupyolera m'magalasi atatu osefa kuwala. Kumanja kunkatuluka kachithunzi, nyenyeziyo ili pakati pa kamzere kozungulira kobiriwira. Ikakhala payokha, ndinkalemba 0, kusonyeza kuti ndi yabwino. Ikagundana ndi inzake mpaka kuwala kwawo kusakanikirana, ndinkalemba 1, kenako chilembo B pamalo a chifukwa. Yowala mopitirira mpaka kusefukira inkalandira S, yodukira m'mphepete mwa chithunzi E. Iliyonse yolembedwa 1 sinkawerengedwanso. Pofika masana, ndikatsinzina, ndinkaonabe timizere tobiriwira tikusambira mumdima.

Tsiku loyamba Madamu anandifotokozera cholinga cha kafukufuku wawo m'Chingerezi chothamanga, ataimirira, mabuku ali kukhwapa. Pomaliza anafunsa, "Wamva?" Ndinati, "Inde, Madamu." Ndinali nditamva za timizere tobiriwira tokha. Potuluka anawonjeza m'Chinyanja cha m'tauni: "Ukayamba kuphonya, nizachita neka, popanda iwe. Sinifuna kugwira nchito imodzi kawiri." Ndinadziwa tanthauzo lake: kukwera galimoto kubwerera ku Chifunda, amalume atachita manyazi.

Kumapeto kwa mlungu woyamba anandionetsa girafu. Nyenyezi iliyonse inali kadontho, ndipo madonthowo ankapanga mkwasa wokwera m'mwamba, wopindikira kumanja, koma wobalalika ngati mapazi a ng'ombe padambo.

"Ona dothi iyi," anatero. "Ifunika kusankha bwino, monga mpunga wakwanu."

Iwo anaseka. Ine ndinawatenga mawuwo ngati lamulo.

Kwathu kusankha mpunga si nthabwala. Wogula akapisa dzanja m'thumba amayang'ana mtundu asananunkhize n'komwe. Amayi amakhala ndi lichero pamiyendo, kuchotsa timiyala, mankhusu, ndiponso mpunga wofiira umene umamera wokha pakati pa wobzala. Wofiirawo suwola, umadyeka bwinobwino, koma umachotsedwa chifukwa sufanana ndi unzake. Ndinakula ndikudziwa kuti mpunga wosankhidwa bwino ndi wa mtundu umodzi.

Kapangidwe ka girafu ndinali nditakaba ndi maso, poyang'ana zala za Madamu. Ndinayamba kuipanga ndekha ndisanaweruke, kuti ndione ngati ikuyera. Pofika mlungu wachitatu, nditachotsa zogundana zambiri, mkwasa uja unayamba kuoneka bwino, ndipo ndinaona kuti si umodzi. Panali mzere wonenepa, pambali pake pali wina wowonda, wa madontho ochepa, ukuyenda nawo limodzi. Mumtima ndinati: mpunga wofiira ndi uwu.

Ndinadina kadontho kamodzi ka mzere wowondawo, n'kutsegula chithunzi chake. Nyenyeziyo inali payokha, yozungulira bwino, yopanda vuto. Koma malo a chifukwa ankafuna chilembo. Ndinakhala nthawi ndithu, kenako ndinalemba B. Yachiwiri sinandivute kwambiri. Patatha masiku ochepa inangokhala mbali ya ntchito: m'mawa kuyang'ana zithunzi, madzulo kusesa mzere wowonda.

Masiku amenewo Madamu anali pa kalikiliki wokonzekeretsa a Giredi 12 mayeso. Ankangosuzumira pakhomo. "Zili bwanji nyenyezi?" Ine ndinkati zili bwino. Ndinkafuna kudzawaonetsa mzere umodzi woyera, kuti anene kuti amalume sanalakwitse kundibweretsa. Nditamaliza kumapeto kwa Seputembala, anatumiza failoyo kwa profesa amene ankayang'anira maphunziro awo, osaitsegula, chifukwa tsiku limenelo ana anali ndi mayeso a mu labu.

Yankho linabwera Lachiwiri lina mu Okutobala. Amene anakhalako m'chigwa cha Luangwa mwezi umenewo akudziwa kuti pofika 10 koloko malata amakhala akuthetheka. Madamu analowa ndi foni m'manja, choko chili m'zala, osapereka moni. Anakoka laputopu, n'kupanga girafu. Panatuluka mzere umodzi, woyera monga ndinkafunira.

"Yotamu, mzere wachiwiri uli kuti?"

Anasankha nyenyezi zolembedwa B, n'kuyamba kutsegula zithunzi. Yoyamba inali yogundanadi. Yachiwiri inali payokha. Yachitatu payokha. Yachinayi payokha.

"Iyi yagundana na chani?"

"Palibe, Madamu."

"Manje B iyi analemba ni ndani?"

"Ndine."

"Chifukwa?"

"Munati tisankhe ngati mpunga."

Anagwira mutu ndi manja onse awiri, choko n'kutsalira m'tsitsi. Ndinkayembekeza kuti akalipa. M'malo mwake anakhala pampando n'kundifotokozera, ulendo uno m'Chinyanja, pang'onopang'ono, ndi mawu otopa.

Kale, anatero, akatswiri ankakhulupirira kuti nyenyezi zonse za gulu lotere zinabadwa nthawi imodzi, kuchokera mu mtambo umodzi wa mpweya, choncho zimene zili m'kati mwake n'zofanana. Atayeza bwino anapeza kuti si choncho. Zina zili ndi okosijeni wambiri ndi sodiyamu wochepa. Zina zili ndi okosijeni wochepa, koma nayitrojeni ndi sodiyamu wambiri, sodiyamu yemwe uja wa mu mchere. Ambiri amaganiza kuti zamcherezo zinabadwa pambuyo, kuchokera mu mpweya umene nyenyezi zina zoyamba zinaphika m'mimba mwawo n'kuulavula. Limodzi la magalasi atatu aja limagwira kuwala kumene nayitrojeni amameza, n'chifukwa chake mitundu iwiriyo imapatukana pa girafu. Chimene chikuzunguza anthu n'chakuti m'magulu aakulu zobadwa pambuyo zimachuluka kuposa zoyamba. Zotsalira za mphika zingadyetse bwanji anthu ambiri kuposa mphika weniweniwo? Mpaka lero sanagwirizane.

"Nchito yanga yonse ni kupenda chabe," anatero. "Zoyamba zingati, zachiwiri zingati. Manje iwe watenga oyamba kubadwa onse, wawataya ku nkhuku."

Ndinafunsa ngati sitingangozibweza. Anapukusa mutu. Ma B abodza anali atasakanikirana ndi enieni, ndipo sindinalembe paliponse kuti awa ndi ati. Komanso munthu amene walemba B wabodza, ma 0 ake angawakhulupirire ndani? Zikwi zinayi zonse zinafunika kuyambiranso. Tsiku lomaliza lopereka zotsatira linali Lachisanu la mlungu womwewo. Akaliphonya, kumaliza maphunziro kunali chaka chamawa.

Belu linalira. Ananyamula mabuku n'kupita kukalasi, osandiuza kuti ndikhale kapena ndizipita.

Ndinakhala. Sindinakhudze laputopu. Masana amalume anabwera pazenera, chikwakwa chili paphewa, n'kundipatsa mtedza wokazinga m'kapepala.

"Nkhope yagwa bwanji, mphwanga? Waswa chinthu cha boma?"

Ndinawauza zonse, mmene ndikanathera.

"Nyenyezizo zagwa pansi?"

"Ayi, amalume."

"Ndiye zikadalipo." Anatafuna mtedza. "Koma tandiuza. Walakwitsa kapena wanama?"

"Zonse ziwiri."

"Ukawauze choncho iwe mwini. Usadikire kuti akukoke lilime." Anatsitsa chikwakwa n'kubwerera kuudzu wawo.

Madamu anabwera 15 koloko itadutsa. Ndinaimirira, maso ali pa njerwa za pansi pa laputopu, n'kunena zimene ndinali nditakonza maola onsewo: kuti tsiku loyamba sindinamve kanthu koma ndinaopa kufunsa, ndiponso kuti B aliyense wabodza ndinamulemba ndikuona bwino kuti nyenyeziyo ili payokha.

Kunja ana ankathamangira kumpopi.

"Kusamva si mlandu," anatero. "Na ine ninakufotokozera monga nithamangira basi. Koma B ija, Yotamu. Profesa anifunsa ngati ndine ninakonza manambala dala. Uziba chimene amamuchita munthu akaganiziridwa choncho?"

Sindinkadziwa, ndipo sanandiuze. Anati m'kalasi muja anali atatsimikiza kuti andibweza kwathu, koma atawerenga masiku oyang'anira mayeso ndi ochonga mapepala anaona kuti paokha sangathe ngakhale pofika Khirisimasi.

"Sinikusunga chifukwa cha chifundo. Nilibe munthu wina."

Anaika malamulo atsopano. Pulogalamu ya girafu anaichotsamo, kuti ndizigamula nyenyezi iliyonse poona chithunzi chake chokha, osadziwa kuti igwera mzere uti. Anawonjeza chizindikiro cha funso, choti ndizilemba ndikakayika. Madzulo aliwonse ankatola nyenyezi makumi awiri mwachisawawa n'kuziyang'ana okha. "Nikapeza imodzi yonama, usabwere kunilaila, ungonyamula chola uzipita."

Zinanditengera milungu isanu. Ntchito yobwereza imalemera kuposa yatsopano, chifukwa chithunzi chilichonse chinkandikumbutsa kuti ndinadutsapo kale. Magetsi akathima tinkadalira batire ya sola ya mu labu, imene pofika 14 koloko inkayamba kulira. Maso ankatuluka misozi okha, ndipo ndinkanyowetsa kansalu n'kuika pachipumi. Zizindikiro za funso ndinalemba zambiri, masiku oyamba mpaka kuchita nazo manyazi, koma Madamu ankazidutsa mosadandaula, zina n'kuzisiya ndi funso lomwelo. Ankati nawonso sakudziwa.

Lachisanu lija linadutsa. Anzawo amene anayamba nawo anamaliza chaka chimenecho, iwo anatsala. Sanazitchuleponso kwa ine, ndipo kusatchulako kunkandilemera kuposa kukalipa.

Mvula yoyamba itagwa, ndinalemba 0 womaliza. Madamu anabwezeretsa pulogalamu ija n'kupanga girafu ine nditaima kumbuyo kwawo. Mizere inatuluka iwiri, wonenepa ndi wowonda, yooneka bwino kuposa mmene ndinaionera poyamba. Anaiyang'ana nthawi yaitali, anawerengetsa za mbali iyi ndi za mbali iyo, analemba m'kabuku kawo, kenako anatumiza. Sanandiyamikire, ndipo sindinkayembekeza kuti atero.

Ndagwirapo ntchito zina za kompyuta kuchokera nthawi imeneyo, zosakhudza kuthambo. Chimene ndinatenga m'kachipinda kaja n'chochepa, koma sindinachisiye: sindichotsa chinthu chifukwa choti chasiyana ndi zinzake, ndipo pamalo a chifukwa sindilemba chimene maso anga sanaone. Pamene sindikudziwa ndimasiya funso, ngakhale bwana akufuna pepala loyera.

Tsiku la mizere iwiri lija, nditatseka laputopu n'kuyamba kukulunga chingwe, Madamu anaima pakhomo akufunafuna ambulera m'chikwama.

"Pa Mande 8 koloko," anatero osandiyang'ana. "Profesa atuma gulu lina. Ili na zikwi zisanu na chimodzi."