Bowo la pamimba pa amuna anga

Amuna anga ankadulira tiyi pa esiteti, ine ndinkathyola. Inali nthawi ya Chitaganya, tikukhala m'komboni ndi ana athu atatu. Magazi ndinayamba kuwaona ndine, pochapa kabudula wa amuna angawo kumtsinje. Nditawafunsa anati ndi kamwazi chabe, atha yekha. Sanathe. Sing'anga wa ku Khonjeni anawatema mphini m'chiuno monse, koma munthu ankangowondabe, mpaka chikwanje chinayamba kuwalemera.

Anzawo a pantchito anawanyamula pa machira kupita nawo kuchipatala cha mishoni ku Makwasa. Kumeneko dokotala anawang'amba, nachotsa chotupa pamodzi ndi chidutswa cha matumbo, n'kuwasiyira bowo pamimba lotulukira chimbudzi. Masiku ano amati khansa. Ife tinkangoti chotupa.

Ndinagwada pakhonde n'kufunsa dokotalayo kudzera mwa womasulira. "Kodi akhala?"

"Akuti ena amakhala zaka zambiri, mayi. Koma amuna ambiri amabwera mochedwa."

"Nanga awa abwera mochedwa?"

Womasulira sanapereke funsolo kwa dokotala. Anangoti, "Muziwaphikira zofewa."

Anamwino anandiuza za mkulu wina wa ku Nchilamwela amene anamung'amba chimodzimodzi nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha, ndipo anali akulimabe. Lamulungu lina ndinauyamba wapansi mpaka ndinamupeza. Ndinamufunsa zonse: chimene amadya, kumene amapemphera, mankhwala amene amamwa.

"Mwana wanga, ndikanadziwa bwenzi nditakuuza," anatero. "Onse amene ndinagona nawo m'chipatalamo anapita. Ine ndangotsala."

Sindinafune kumva zimenezo. Ndinaona kuti akumwa phala la mawere, choncho nanenso ndinayamba kuphika phala la mawere tsiku ndi tsiku. Chirundu changa chabwino ndinaching'amba nsanza zomangira pabowopo, ndipo ndinkazichapa ndikaweruka kumunda, zala zitang'ambika kale ndi tiyi. Amuna anga anayesa kubwerera kuntchito, koma anzawo ankawatalikira chifukwa cha fungo. Anasiya okha, n'kumangokhala kuseri kwa nyumba.

Dzinja lina linadutsa ali bwinoko, ndipo ndinayamba kukhulupirira kuti nawonso atsala. Kenako maso anachita chikasu, mimba n'kutupa. Titabwerera ku Makwasa, dokotala anati chotupa chalowa m'chiwindi, sangang'ambenso. Ndinamugwira miyendo. "Dulaninso! Chotsani chilichonse, mundisiyire munthu!"

Amuna anga anandiyankhula m'Chilomwe, chimene ankachiyankhula akatopa kwambiri. "Dzuka, amake mwana. Pondidula patha. Tiye kwathu."

Anamwalira nyengo yodulira tiyi, ine ndili kumunda, chifukwa ndikanajomba tikanachotsedwa m'nyumba. Mwana wathu wamkulu, wamkazi, ndiye anali nawo. Maliro atatha, kapitawo anati nyumbayo imafuna antchito awiri. Mwanayo anasiya sukulu, ndipo Lolemba lotsatira ndinamumangirira dengu lothyolera tiyi kumsana.