Jekete Limene Linaboola Chikwangwani

Ine ndine wometa, ndipo wometa amamva zonse, chifukwa munthu akangokhala pampando pakamwa pamatseguka pokha. Koma nkhani ya mayi amene ankasoka kuseri kwa khoma langa sindinachite kuuzidwa. Ndinaiona ndi maso angawa, ndipo ndikamaikamba ndimayamba ndazimitsa makina ometera.

Tinkawatchula Mayi Singano. Musawasokoneze ndi atelala osoka madiresi, iwo ntchito yawo inali yotseka mabowo. Suti ikapsa ndi ayironi, buluku likakodwa pamsomali, njenjete zikadya jekete m'sutikesi, anthu ankabwera nazo nkhope zili zakugwa. Mayiwo sankaika chigamba. Ankaluka ulusi umodziumodzi motsata mmene nsaluyo inalukidwira kufakitale, mpaka bowo lija kuzimirira ngati silinakhalepo. Luso limeneli analiphunzira ali mtsikana pamalo ochapa zovala, pomwe ankabisa zolakwa za anzawo osita. Amuna awo atamwalira anachita lendi kachipinda m'nyumba ya mashopu imene ndimameteramo, ndipo ana awo onse anaphunzira sukulu ndi singano yomweyo.

Mashopu athu amalowera m'kanjira ka mkati, mazenera okha ndiwo amayang'ana kumsewu. Kachipinda ka mayiwo kanali kopanikiza: tebulo, mpando wogwedera, chitini cha mabisiketi chodzaza ulusi, ndi zenera lalikulu. Chuma chonse chinali zeneralo. Asanasoke kanthu ankayala ulusi pansalu, n'kuinyamulira kuzenera, n'kupendeketsa mutu ngati nkhuku yaona mphamba. Ankayesa ulusi uwu, ulusi uwo, mpaka tiyi kuzizira m'kapu. Sanali munthu wonyada, koma chinthu chimodzi ankachinena mosaphethira: palibe anapezapo pamene iwo anasoka.

Chakudza sichiimba ng'oma. Nyumba ija inagulidwa ndi mwini wina, bambo wa nsapato zosongoka amene ankalankhula nafe maso ali pafoni. Tsiku lina tinangoona amisiri akuwotcherera zitsulo kukhoma lakumsewu, ndipo pofika masana chikwangwani chachikulu chotsatsa malonda chinali chitaphimba mazenera athu onse. Panali mtsikana wa mano oyera akumwetulira, botolo la chakumwa lili m'manja. Mwini nyumba anatiikira machubu a magetsi owala ngati a kuchipatala, n'kutitsitsirako lendi pang'ono. Ambirife tinangoti fodya ndi uyu ali pamphuno, n'kulandira. Ine ndimameta ndi galasi ndi magetsi, dzuwa ndilibe nalo ntchito.

Koma mtima wanga ndi wapachala. Nditawaona mayi aja akunyamulira nsalu kuzenera mwachizolowezi, n'kukumana ndi msana wa chikwangwani, ndinawauza kuti ndikabwereka sowo yodulira zitsulo, chinthucho chigwe lomwelo. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo.

"Aneba, mukadula inu mlandu usanduka wanga. Pitani mukamete."

Mwana wawo wamkazi anawapezera loya, mayi wachitsikana wa kaofesi kotentha pamwamba pa sitolo ya mankhwala. Ndinawaperekeza chifukwa mawondo awo sankagwirizana ndi masitepe. Loya anawerenga pangano la lendi, lomwe linkanena poyera kuti akubwereka chipinda pamodzi ndi zenera lake loyang'ana kumsewu, kenako anawayalira njira zimene zinalipo. Akanatha kuthetsa panganolo n'kukafuna malo kwina. Akanatha kupempha chipepeso. Kapena akanatha kupempha khoti kuti lilamule mwini nyumba achotse chikwangwanicho. Anawachenjeza kuti njira yomalizayi inali yachitunda, chifukwa khoti silifulumira kugwetsa zinthu za munthu ngati ndalama zingathe kupukuta misozi ya wodandaula. Pankafunika kuonetsa kuti chimene chawonongeka sichingakonzedwe ndi ndalama. Mayi Singano anangoyankha kuti chipepeso sichiona mtundu wa ulusi, ndipo makasitomala awo akudziwa khomo limodzi lokha.

Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kukhoti kumafuna kudekha kwa mtundu umenewo. Poyamba khoti linawatumiza kukakambirana pamaso pa mkhalapakati, mwini nyumba n'kuwalonjeza machubu ena owonjezera. Kenako mlandu unayamba kusunthidwa, lero woweruza ali kumsonkhano, mawa loya wa mwini nyumba wadwala. Ine ndinkatukwana m'malo mwawo. Iwo ankangotulutsa mpando wawo wogwedera kukhomo la kanjira, n'kumasokera m'fumbi la magalimoto, odutsa akuwagunda zigongono. Mvula ikayamba ankabwerera pansi pa machubu aja.

M'nyengo ya mvulayo kunabwera mphunzitsi wina ndi jekete la buluu woderapo uja amati nevi. Linali la malemu bambo ake, linali ndi bowo pachifuwa, ndipo ankafuna kulivala paukwati wake. Mvula inagwa osalekeza, tsiku linayandikira, mayi aja anasankha ulusi ndi kulukira m'katimo. Mphunzitsi analitenga akuthokoza. Ukwati utatha anabweranso. Khoma lathu ndi lopyapyala, choncho ndinamva jekete likuponyedwa patebulo ndi mawu ochepa okha, akuti pazithunzi zonse zojambulidwa panja pachifuwa pake pali chipsera. Ulusi uja unali wakuda. Pansi pa machubu wakuda ndi nevi ndi mapasa, koma padzuwa sadziwana n'komwe.

Madzulo ake ndinawaona mayi aja akulipinda, n'kuliika m'jumbo, n'kulikankhira pansi pa tebulo. Sanauze mwana wawo, sanauze loya. Inenso ndinatseka pakamwa, ndipo amene amadziwa ometa akudziwa kuti chimenechi sichinthu chapafupi.

Mlandu utayamba kumvedwa, loya wa mwini nyumba ananena mfundo yomveka ndithu: chipindacho tsopano chikuwala kuposa kale, ndiye mayiwa ataya chiyani? Woweruza, bambo wa imvi amene tsitsi lake ndinkaliyang'ana ndi diso la ntchito, anati kutsutsa galu n'kukumba, adzabwera yekha adzaone.

Tsikulo kanjira kathu kanadzaza. Panali woweruza, kalaliki wake, maloya onse awiri, mwini nyumba, eni mashopu onse, ngakhale odutsa amene anangomva kuti khoti labwera kumsika wa anthu. Machubu anali mbee, moti ngakhale singano yogwa pansi ukanaiona. Woweruza anayang'ana uku ndi uku akugwedeza mutu, ndipo ndinaona nkhope ya loya wathu ikugwa. Kenako anawafunsa mayi aja mwaulemu kuti chimene chikuwasowa m'chipinda chowala choterechi n'chiyani.

Mayiwo anawerama, mawondo akulira, n'kusolola jumbo ija. Ndinafuna kuwagwira dzanja, chifukwa ndinkadziwa chimene chinali mmenemo, ndipo m'kanjiramo munali malilime akuthwa kuposa lumo langa. Anayala jekete patebulo n'kupempha woweruza kuti apeze pamene pasokedwa. Bamboyo anavala magalasi, anasisita nsalu, anatembenuza, anapatsa maloya nawonso afufuze. Palibe anapapeza.

"Tiyeni nalo panja, bwana," anatero mayi aja.

Tinatuluka tonse ngati tikuperekeza mkwatibwi. Atangolitambasula padzuwa, chipsera chija chinaonekera kwa aliyense, chakuda bii pachifuwa cha buluu. Wina anaseka kumbuyo. Mayi wogulitsa mafoni ananong'ona mokweza, monga amachitira, kufunsa ngati imeneyi ndi ntchito ya Mayi Singano. Iwo anamva, ndipo sanatsitse maso.

"Ndinasoka ndine, ndi manja angawa, m'chipinda chowala chija. Mwana wa eni ake anakwatira atavala manyazi anga pachifuwa. Moyo wanga wonse ndakhala ndikunena kuti pamene ndasoka sipaoneka. Lero mwapaona nonse."

Ndinachita mantha, ndikunena zoona, mantha aja amakugwira ukaima pafupi ndi chinthu chachikulu kuposa iwe. Ndaonapo anthu akulira pamlandu, akunama, akuloza anzawo zala. Koma munthu kutulutsa yekha chimene anabisa pansi pa tebulo, n'kuchiyanika pamsewu pamaso pa makasitomala ake, ndinali ndisanaonepo. Dzina limene analiluka ulusi umodziumodzi kuyambira utsikana wawo analiika m'manja mwa woweruza kuti awombole zenera. Ngakhale bambo wa nsapato zosongoka anaika foni m'thumba.

Chigamulo sichinabwere tsiku lomwelo, khoti silithamanga. Chitabwera, chinati chikwangwani chikhoza kukhala, koma mbali yophimba zenera la mayiwo ichotsedwe, pakuti ndalama sizingabwezere munthu kuwala kumene ntchito yake imadalira. Sikuti anapambana zonse. Nkhani ya chipsera inayenda mofulumira kuposa nkhani ya chigamulo, ndipo makasitomala ena anayamba kupita ndi masuti awo kwina. Enanso ankabwera, koma akalandira chovala ankayamba atuluka nacho panja, n'kumachipenda padzuwa mayiwo akuona.

Amisiri omwe aja anabweranso ndi makwerero awo. Anadula bowo la ngodya zinayi pachikwangwani, ndipo mtsikana wa mano oyera anatsala akumwetulirabe koma botolo lake litapita. Dzuwa linalowa n'kugwera patebulo, fumbi likuvina mmenemo. Ife eni mashopu ena, amene tinalandira fodya wa pamphuno, tinaima pakhomo pawo ngati ana osuzumira paphwando la eni.

Mayi Singano sanaimbe nyimbo, sanathokoze munthu. Anazimitsa machubu, anatenga jekete lija n'kuyamba kumasula ulusi wakuda ndi nsonga ya singano. Anatsegula chitini cha mabisiketi, anayala ulusi pansalu, anainyamulira kuzenera n'kupendeketsa mutu. Anakhala nalo masiku angapo osalandira ntchito ina. Atamaliza anagogoda khoma, chizindikiro chathu choti ndibwere.

"Aneba, inu mumati mumaona ngakhale tsitsi limodzi lotsalira. Tengani, mupite nalo panja."

Ndinatuluka nalo padzuwa la masana. Ndinkadziwa bwino lomwe pamene panali chipsera, pachifuwa chakumanzere, pansi pa thumba. Ndinayang'ana, ndinasisita, ndinalipendeketsa, ndinalisuzumira m'kati. Panalibe kanthu, jekete la malemu linali lathunthu ngati latuluka kumene m'sitolo. Ndinabwerera nalo maso atalowa fumbi la mtundu wina, ndipo mayiwo analilanda msanga m'manja mwanga.

"Musandinyowetsere jekete la eni ake. Mukudziwa kumene amaphunzitsa, kamupatseni. Ndipo mumuuze kuti aliyang'anire panja."