Maliro a Amayi pa Laputopu

Ndinadzuka kusanache. Kunena zoona sindinagone, ndinangotsamira khoma pasiwa mpaka miyendo kuchita dzanzi. Azimayi a kutchalitchi anali ataimba usiku wonse, mawu atawasasa. Panja amuna anali atazungulira chitsa chomwe chinkangofuka chifukwa cha mvula ya dzulo lake. Kuseri kwa nyumba, azimayi a kwathu kuno ku Chinsapo anali atasonkha kale moto, ena akutereka nyemba, ena akudula kabichi.

Amayi anadwala zaka ziwiri. Wowasambitsa ndinali ine, wowatembenuza ndinali ine. Achimwene anga, oyamba kubadwa, anapita ku Mangalande zaka zisanu ndi zinayi m'mbuyomo ndipo sanabwereko. Mapepala awo sanali olongosoka, moti akanabwera kumaliro sakanaloledwa kubwerera. Zimenezo ndinazimvetsa. Chomwe chinandinyansa ndi chimene anatitumizira m'malo mwawo.

Cha m'ma sikisi panafika bambo wina wa malo a intaneti ku Chigwirizano, atanyamula kamera, laputopu, batire ya galimoto ndi mtolo wa mawaya. Amalume, omwe ankayendetsa mwambo, anamulandira ndi manja awiri. Anandiuza kuti achimwene aonera maliro onse ali komweko, pa nthawi yomweyo zinthu zikuchitika. Masiku amenewo zoterezi zinali zachilendo. Ife tinkadziwa zojambula pa tepi n'kudzaonera pambuyo pake. Ine palibe anandifunsa maganizo.

Bamboyo analumikiza kamera ku laputopu ndi waya, n'kubaya m'mbali mwake kachipangizo konga chala kokokera netiweki. Anazungulira nyumba yonse atanyamula laputopu m'mwamba. M'nyumba netiweki inalibemo, choncho anati bokosi litulutsidwe pakhonde. Amayi anatuluka m'nyumba mwawo nthawi isanakwane, pemphero la m'nyumba lisanachitike, chifukwa cha waya. Azimayi okalamba omwe anachezera nawo usiku wonse anauzidwa kuti asendere, ati akutchinga kuwala.

Dzuwa litakwera pang'ono anthu anayamba kukhamukira. Abale a ku Ntcheu anafika pa lole. Anzawo a amayi a ku Njewa, komwe ankapikula tomato, anabwera pa njinga ndi wapansi. Ambiri ankati akafika, asanapepese n'komwe, ankayamba aima kumbuyo kwa bambo uja kusuzumira pagalasi. Kumadzulo mitambo inali itayamba kuda.

Nthawi yoona nkhope itakwana, tinadutsa tonse pamzere. Amalume anati bokosi lisatsekedwe mpaka achimwene aone. Bamboyo analoza kamera pankhope ya amayi, koma chithunzi chinkangoima panjira. Achimwene ankakuwa pa kasipika kuti sakuona kanthu. Bamboyo anafotokozera amalume kuti kanema ndi wolemera pomwe njira ya netiweki ndi yopapatiza, ndiye ayenera kumufinya kuti adutse. Anabayabaya pa laputopu, kuchepetsa kukula kwa chithunzi, kuchepetsanso kachiwiri. Ndinasuzumira. Nkhope ya amayi inali itasanduka timabokosi totuwa, ngati khoma la njerwa zosaotcha. Tinaima choncho pafupifupi theka la ola, ntchentche zitayamba kubwera, ine ndikuziingitsa ndi nsonga ya chitenje.

Mkulu wa mpingo anatopa n'kuyamba pemphero. Koma mawu a ku Mangalande ankafika mochedwa, moti anatulukira pakati pa pempherolo, aliyense ali zii.

"Amayi ndi amenewa? Kuonda chonchi? Iwe, unkawadyetsa koma?"

Khamu lonse linamva. Apongozi anga anamva. Mayi wina wa ku Njewa anatsonya mokweza. Ndinayang'ana amalume, iwo n'kuyang'ana nsapato zawo.

Tinanyamuka cha m'ma wani. Bokosi linali pa lole, ife pambuyo tikuyenda m'matope, nyimbo ikupita. Bambo uja anakwera pa lolepo n'kukhala pafupi ndi mutu wa bokosi, pamalo pomwe panayenera kukhala achemwali awo a amayi. Iwo anayenda wapansi ndi bondo lawo lotupa. Kawiri konse bamboyo anamenya denga la lole kuti dalaivala aime, ati chithunzi chikuduka galimoto ikamagwedera.

Kumanda adzukulu anali atamaliza kalekale, ali mbuu ndi dothi, akudikira. Bamboyo anapeza netiweki pamwamba pa chulu, n'kuika laputopu pa mpando pamenepo, wina atamugwirira ambulera. Mvula inayamba kuwaza. Adzukulu atangogwira zingwe kuti atsitse bokosi, bamboyo anakweza dzanja. Netiweki inali itathawa.

Foni ya amalume inalira. Anali achimwene. Amalume anamvetsera, kenaka anauza adzukulu kuti adikire pang'ono. Tinadikira. Mvula inakula. Madzi ofiira anayamba kutsetserekera m'dzenje, dothi la m'mbali likugumukiramo. Bamboyo anati achotsa mawu onse kuti chithunzi chokha chidutse. Sizinathandize. Anazimitsa, kuyatsanso, kudikira. Mkulu wa adzukulu anaponya khasu pansi n'kunena kuti iwo sanaonepo maliro odikira munthu wa pa waya, ndipo zikapitirira atisiyira tikwirire tokha. Anyamata ake anayamba kutola malaya awo. Bokosi la amayi linali pamitengo, likunyowa.

Ndinakwera chulu chija. Ndinaterereka kamodzi, n'kudzuka. Bamboyo anati, "Mayi, dikirani, ikubwera." Ndinazula kachipangizo kaja, n'kutseka laputopu ndi dzanja lamatope. Kenaka ndinatembenukira kwa adzukulu.

"Tsitsani amayi anga."

Amalume anandiitana dzina mwaukali, foni ikadali kukhutu. Adzukulu sanawayang'ane n'komwe. Anagwira zingwe, nyimbo inayamba, amayi anatsika. Nkhata tinaika mvula ikutikhuthukira.

Pobwerera anthu anagawikana. Ena a ku Ntcheu ankati ndalanda mwana wamwamuna mwayi wotsanzikana ndi mayi ake. Azimayi a m'dera lathu ankayenda pafupi nane. Amalume anadya mofulumira n'kukwera lole osanditsanzika.

Madzulo anthu atabalalika, bambo wa kamera anabwera kudzatenga batire yake. Anaima pakhomo akuchita manyazi. Anati ngakhale netiweki inaduka, kamera inapitiriza kujambula pa tepi mpaka kumapeto, ndipo zonse zili momwemo, ngakhale za pachulu zija. Achimwene anamuuza kuti aziike pa dividi awatumizire. Anandifunsa ngati ndikufuna adulepo pamenepo.

"Musadule kanthu," ndinatero. "Ndi madzi aja akulowa m'manda, muwasiye momwemo."

Anagwedeza mutu n'kumapita.

Ndinalowa m'nyumba. Mipando inali ikadali panja, pabalaza pali mikeka yokhayokha ndi mapazi a matope. Achemwali awo a amayi anali atagona pakona, bondo atalikulunga nsalu yonyowa. Ndinawafunditsa bulangete, n'kukhala pansi pafupi nawo. Padenga mvula inali italeka.