Chimanga Kapena Nyemba

A Lameki Jenala anali okonza njinga pa Chamama, koma chimene chinawatchukitsa si sipanala ayi. Kunja kwa kashedi kawo anaimika chitseko chakale chopaka utoto wakuda ngati bolodi, ndipo tsiku la msika lililonse ankalembapo nkhani ndi choko. Ine ndinkagulitsa tomato pafupi pomwepo, ndiye zonsezi ndinaziona ndi maso angawa.

Nkhani zawozo sizinkayenda ngati za m'mabuku. Ankalemba mpaka pamene mitima yafika m'mwamba, kenaka n'kuika funso pansi pake. Kodi mlimi uja agulitse fodya wake kwa mavenda? Mukafuna atero, ponyani njere ya chimanga m'botolo ili. Mukafuna adikire okushoni, ponyani nyemba m'botolo ilo. Dzuwa likapendeka ankakhuthula mabotolowo anthu akuona, ndipo msika wotsatira nkhani inkalowera kumene njere zambiri zaloza. Ena ankabweranso ndi maganizo awo, wina kuti muikemo sing'anga, wina kuti ng'ombe ife, ndipo a Lameki ankaikamo ndithu.

Koma anthu akwathu akakhala pagulu ndi oipa mtima, ndinene poyera. Munthu yemwe dzulo amalira kuti makuponi a fetereza amudumpha, lero ndiye woyamba kuponya njere yoti mlimi wa pabolodi aberedwe kuponi yake. Ukawapatsa mvula ndi matalala, ankasankha matalala. Chigafa cha fodya chipse kapena chipulumuke? Chipse basi, n'kumaseka mpaka misozi. A Lameki ankangopukusa mutu n'kulemba.

Akazi awo anali Feggie, mayi ake a Lonjezo. Chaka china makuponi sanawafike, fodya anakwinimbira m'munda, njala inalowa m'nyumba, ndipo Feggie anapita kukagwira ganyu yosankha fodya ku esiteti ina cha ku Kaluluma. Kumeneko anakakhala ndi kapitawo. A Lameki sanakwatirenso. Ankaphika okha, kuchapa okha, ndipo zitenje za mkaziyo anazipinda bwinobwino m'sutikesi ngati mwini wake wangopita kumaliro.

Kapitawo uja atamutaya, Feggie anabwerera kwa achimwene ake ataonda zomvetsa chisoni. Ankhoswe anakhala pansi, mkazi anapepesa, ndipo a Lameki anati ayankha tsiku la msika. Ine ndikudziwa kuti mumtima anali atakhululuka kale, chifukwa anandituma mwakachetechete kuti ndikamupatse Feggie sopo ndi shuga. Chomwe ankaopa ndi pakamwa pa amuna anzawo, kuti azidzati Lameki anadyetsedwa, watola zotaya kapitawo.

Ndiye anachita chinthu chopusa chomwe mpaka pano chimandiwawa. M'malo moyankha ankhoswe, anakalemba pabolodi paja. Analemba za mlimi wina dzina lake Yobu, amene mkazi wake wabwera kuchokera ku esiteti, wagwada pakhomo. Amutsegulire, chimanga, amuthamangitse, nyemba. Iwo ankati anthu odzaza matchalitchi Lamulungu lililonse ngati ife tisankha chikhululuko, ndiye adzati si ine ayi, ndi anthu anafuna. Ndinawadandaulira kuti afufute, koma anandiuza kuti ndisadere nkhawa, anthu ali ndi chifundo.

Panalibe ndi mmodzi yemwe amene sanadziwe kuti Yobuyo ndi ndani. Anthu anaunjikana ngati pogulitsira fetereza wotsika mtengo. Mayi wina wogulitsa nyemba anayamba kugawa njere ulele. Amuna ochokera kumowa ankaponya n'kubwereranso pamzere, amayi nawo ankaponya ataphimba pakamwa ndi chitenje, akuseka. Feggie anali tsidya la msewu patsinde pa mtengo wa mango, kachikwama ka zovala kali pamiyendo. Anabwera kudzamva yankho monga anamuuzira ankhoswe, ali ndi chiyembekezo choti tsiku lomwelo akalowa m'nyumba yake.

Atakhuthula mabotolo, chimanga sichinadzaze ndi chikhato chomwe, pomwe nyemba zinali mulu woti n'kuphika ndiwo. Anthu anaomba m'manja, ndipo wina anatola choko n'kuwapatsa a Lameki kuti alembe pomwepo osadikira msika wina. Ndinkayembekeza kuti achitaya chokocho n'kuwoloka msewu, poti mkaziyo anali wawo, osati wa msika. Sanatero. Analemba kuti Yobu anatseka chitseko, n'kuwerenganso mokweza monga ankachitira masiku onse.

Feggie anadzuka n'kuwoloka msewu yekha. Anthu anamupatsa njira, phokoso n'kuzilala. Anaima pabolodi paja n'kuwerenga pang'onopang'ono, milomo ikugwedera, mpaka liwu lomaliza. Kenaka anatembenukira kwa amuna ake n'kuwafunsa motsitsa mawu.

"Bambo a Lonjezo, za anthuwa ndaziona. Nanga inuyo munaponya chiyani?"

"Wolemba saponya," anayankha a Lameki, maso ali pansi.

Feggie anawayang'ana kanthawi, kuwapatsa mpata woti mwina anene china. Anasenza kachikwama kake n'kulowera kumene kumaima matola, ndipo a Lameki anakalamba osamuonanso.