Matumbo a nkhuku m'beseni langa

Chaka chimene ndinalowa chikamwini kufupi ndi Kabudula, ndinalibe kanthu kotchula kuti nkanga. Nyumba ndinamanga ndine, koma pamalo pa eni. Munda wa eni, khasu la apongozi. Changa chenicheni chinali beseni lakale lobooka ndi tizomera timene ndinadzalamo.

Ndinatipeza kudambo ndikumweta udzu wofolera. Pamalo pa lowe pamene ng'ombe sizifika panali tizomera tofiira, tating'ono ngati chitsekero cha botolo, masamba ake aubweya, ndipo pa kaubweya kalikonse kadontho ngati mame, chonsecho dzuwa lili paliwombo. Nditanyonyomala ndinaona kaudzudzu katakanirira ngati mbalame pa ulimbo, tsamba likupindika pang'onopang'ono kukakuta. Sukulu ndinasiyira panjira, koma sindikhulupirira kuti amene anamaliza anazionapo zimenezi. Mnzanga wotchaja mafoni pamsika anandionetsa vidiyo yake: zomera zotere zimafuna dothi losauka ndi madzi a mvula basi, chakudya zimagwira zokha.

Ndinamata beseni lija ndi pulasitiki wosungunula, n'kuthiramo mchenga ndi dothi lakuda la kudambo komweko. Madzi ndinkatchera m'ndowa mvula ikamagwa. Tinagwira. Tina tinatulutsa timaluwa. M'mawa uliwonse ndisanapite kumunda ndinkayamba ndazonda kuseri kwa nyumba kuona kuti usikuwo tagwira chiyani.

Kenaka kwathu ku Nambuma kunagwa maliro a amalume, ndipo ndinakakhalako mpaka kusesa. Pobwera, fungo linandichingamira ndisanafike n'komwe pabwalo. Ndinayesa galu wafera m'tchire. Nditakhota kuseri, ntchentche zobiriwira zija zinadzuka pabeseni langa ngati utsi. M'katimo munali matumbo a nkhuku, otupa, atasanduka mtundu wa ndere, mphutsi zikusambira m'madzi amafuta. Masamba ofiira aja anali atada bii, atanyenyeka ngati ndiwo zogonera. Malovu anadzaza m'kamwa, ndinalavula, n'kulavulanso.

Ine mtima wanga ndi wapachala, aliyense amadziwa. Ndinakuwira mkazi wanga.

"Ndani wataya nyansi zake muno? Kodi beseni ili lasanduka dzala?"

Iye anatulukira akupukuta manja pachitenje. "Tsitsani mawu, inu. Ndi amayi."

"Amayi atani?"

"Munkanena nokha kuti zimadya nyama. Kutabwera alendo tinapha nkhuku, ndiye amayi anati zomera za apongozi zisagone ndi njala eni ake ali pamaliro. Ana analira matumbo amenewo, anawamana. Abambonso anathiramo kafeteleza kotsala ku nazale, akuti zikuoneka zopinimbira."

"Feteleza?"

"Sipuni imodzi yokha. Mukufuna mukawabwezere?"

Akanakhala mlamu wanga, bwenzi tsiku limenelo mudzi utasonkhana. Koma apongozi suwayang'ana m'maso, suwaimira pafupi, nanji kuwafunsa kuti munaganiza bwanji. Ndinauza mkazi wanga kuti akawauze yekha. Anati, "Ndikanene kuti mphatso yawo yanunkha? Pakamwa muli napo, pitani."

Tili m'kati molimbana choncho, ndinamva kutsokomola kuseri kwa mpanda. Anali apongozi aakaziwo, atakhala pansi chakutali, nkhope atalozetsa kumbali monga mwa ulemu wake. Nanenso ndinanyonyomala, fungo likundilowa mpaka kukhosi.

"Mwayenda bwanji, apongozi? Pepani ndi zovutazo."

"Tayenda bwino, amayi. Zikomo."

"Nanga ziweto zanuzo zadya?"

Ndinayang'ana mphutsi imodzi yonenepa ikukwera m'mphepete mwa beseni, n'kugweranso m'kati. Mawu amene anali pa lilime langa akanandithetsera ukwati.

"Zadya, amayi. Zakhuta kwambiri."

"Eya. Ndinaona ntchentche zachuluka, ndinati basi zipeza ndiwo. Tikapha ina ndidzakusungirani."

Atachoka, ndinafuna kamtengo koti ndivuulire, koma matumbowo ankangoduka. Ndinapisamo dzanja. Zinali zofunda, zoterera, zina zikuyenda pakati pa zala. Ndinasanza pomwepo, mkazi wanga akuseka mpaka kugwira khoma. Pansi pa uve wonsewo, chakumphepete, ndinapeza tizomera tiwiri tidakali ndi mtima wofiira. Ndinatitsuka ndi madzi a mvula otsala m'ndowa. Manja ndinasamba ndi sopo, phulusa, mpaka masamba a mandimu, koma madzulo ake chakudya ndinadya ndi sipuni.

Beseni ndinalikwirira kudzala, sindinafunenso kuliona. Tiwiri tija ndinatidzala m'chigubu chodula pakati n'kukatibisa kudimba, pansi pa nthochi, kumene apongozi safika chifukwa cha miyendo. Kamodzi kanafa. Kotsalako kalipo mpaka lero, ndipo kaberekana.

Patapita milungu ingapo kunabweranso alendo. Madzulo mkazi wanga analowa ndi kambale kovundikira, akudziluma milomo kuti asaseke.

"Amayi akuti za ziweto zanu."

Ndinatuma mawu othokoza. Kenaka ndinatseka chitseko, n'kumuuza kuti matumbowo awatsuke bwinobwino, awakazinge ndi mchere, aitane ana aja mwakachetechete.